Walira Mvula Walira Matope, ndi Alamu Omwe

Akuluakulu amene anasiya mwambi woti walira mvula walira matope anali alimi, ndipo ankanena za mvula yeniyeni. Sankadziwa kuti kudzabadwa mdzukulu wawo ku Area 25, munthu wa ntchito yake yabwinobwino ku Kanengo, amene adzatha bandulo usiku pa YouTube akuonerera azibambo a ku Texas akutsegula chitseko cha chimgolo chakuda, utsi n'kutuluka, nyama ikuchucha mafuta, iye mtima n'kumuuza kuti chimenechi chikufunika kuseri kwa nyumba. Imeneyo ndiye mvula. Matope saonetsa pa vidiyo.

Chinthucho eni ake amati offset smoker. Ndi mgolo waukulu wogoneka, mmene mumakhala nyama. Kumbali kwake, chapansi pang'ono, kuli bokosi la moto, ndipo mbali inayo kuli chumuni. Nyama sionana ndi moto. Chimene chimaifikira ndi utsi ndi kutentha basi, zikudutsa pang'onopang'ono pa ulendo wopita ku chumuni. Kutenthako kumasungidwa cha pakati pa madigiri 110 ndi 135, ndipo chifuwa cha ng'ombe, chija amati brisket, chimakhala mmenemo maola 12 kapena kuposa. Migoloyi inafala ku Texas ndi ku Oklahoma m'zaka za m'ma 1980, mtengo wa mafuta utagwa, amisiri owotcherera mapaipi a kuzitsime za mafuta atasowa chogwira n'kuyamba kudula mapaipi omwewo kupanga zootchera nyama. Ndiye kuti chimene tikuchisirira kuti n'cha mabwanachi chinabadwa ndi ulova.

Amene wailiradi mvulayi, wosafuna zamasewera, amauzidwa kuti asayambe ndi penti kapena dzina, ayambe ndi chitsulo. Yapamwamba imakhala ya chitsulo chochindikala mamilimita 6. Chitsulo chotere chimachedwa kutentha, koma chikatentha chimasunga, moti mphepo ya mu Juni ya kuno ku Lilongwe sichiisamala. Zotchipa za malata opyapyala zija, ukangotsegula chitseko kutentha konse kwathawa, ndipo utsi umatulukira paliponse kupatula ku chumuni. Odziwa amayang'ananso ngati chitseko chikutseka mogwira, ngati mowotcherera mulibe timabowo, ngati chumuni ikukoka mpweya bwino, komanso ngati choyezera kutentha chili pafupi ndi waya wa nyama, osati kudenga kumene kulibe chophikidwa. Palinso mtundu wotchedwa reverse flow, wodziwika ndi kampani ya Lang ya ku Georgia, umene utsi umayamba wadutsa kunsi kwa chitsulo chafulati mpaka kumapeto, kenaka n'kubwerera pamwamba pa nyama, kuti kutentha kufanane paliponse. Za mitundu iwiriyi anthu amakangana pa intaneti ngati Maule ndi Manoma.

Mayina olemekezeka alipo: Yoder ya ku Kansas, Mill Scale ya ku Lockhart, ndi ya Aaron Franklin wa ku Austin, bambo amene anthu amaima pamzere kuyambira m'mamawa kudikira nyama yake. Mitengo imayambira cha m'madola 2,000 kukwera, kulemera kwake makilogalamu 200, 300, mwinanso kuposa. Apa mitambo yayamba kuda. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo munthu wolowa m'banki kukapempha madola, dziko likusaka madola omwewo kuti ligule mafuta a galimoto ndi feteleza, n'kulemba pa fomu kuti iye akufuna mgolo wotulutsa utsi, ameneyo ndi wolimba mtima. Akawapeza, mgolowo ukwere sitima ya pamadzi mpaka Dar es Salaam kapena Beira, ukwere thiraki mpaka Songwe kapena Dedza, kumene wa msonkho adzauzungulira kawiri akudzifunsa kuti m'buku lake umenewu ndi mbaula, boyila, kapena injini ya chigayo.

N'chifukwa chake ambiri amatsikira kwa amisiri athu owotcherera, aja opanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula m'mbali mwa msewu wa ku Nsungwi. Ndipo ine ndikuti njira yanzeru ndi imeneyi, popeza a ku Texas aja nawonso anali amisiri a mtundu womwewu. Mmisiri wa kwathu chibadwire sanakanepo ntchito. Mumuonetsa chithunzi pa foni, iye achikulitsa ndi zala ziwiri, n'kuseka.

"Kameneka bwana? Aka n'kakang'ono. Mungosiya ya mateliyo, Lachisanu mudzatenge."

Sanena kuti Lachisanu la mwezi uti. Pakati apo magetsi azima, kumudzi kugwa zovuta, mnyamata wake athawa ndi galainda. Koma zimenezo n'zopiririka. Chosapiririka n'chakuti mukapanda kuima naye, mamilimita 6 aja asanduka mgolo wa malita 200 umene kuchindikala kwake ndi cha m'milimita imodzi, ndipo palibe akudziwa kuti munali chiyani kale. Mgolo umene munali mankhwala si wophikira. Chitsulo chokutidwa ndi zinki chikapsa chimatulutsa utsi wodwalitsa. Ndipo silinda yakale ya gasi, imene imapanga smoker yabwino kwambiri, imapanganso maliro abwino kwambiri ikadulidwa isanakhuthulidwe ndi kudzazidwa madzi.

Tinene kuti chatha, chapentedwa. Lole yachitula pamene pathera tala. Anyamata asanu ndi mmodzi achinyamula, aliyense akuyembekeza ya sopo, chafika pa geti, ndipo geti ndi laling'ono. Chikalowa, timatayala take tachitsulo, topangira simenti ya kwa eni ake, tipeza dothi la ku Area 25 mu Januwale. Apa mwambi umasiya kukhala mwambi. Pamene chamira m'pamene chidzakhale mpaka alandilodi adzakweze renti.

Nkhuni nazo zili ndi mlandu wake. Offset sidya magetsi, ndipo kuno umenewo ndi mwayi waukulu, koma imadya chikuni chouma cha mtengo wolimba pa mphindi 30 kapena 45 zilizonse. A ku Texas ali ndi mtengo wawo wa post oak. Ife nkhuni ndi makala ambiri zobwera pa njinga m'bandakucha zimachokera mbali ya Dzalanyama, nkhalango yomweyo imene mtsinje wa Lilongwe umayambira, umene umadzaza Kamuzu Dam, imene imatipatsa madzi a pa mpopi. Lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa mu 2020. Bulugamu ndi paini zimapezeka mosavuta, koma utsi wake umawawitsa nyama. Mango ndi gwafa wouma bwino ndiye zabwino, kungoti mtengo wa mango uli pabwalowo ndi wa alandilodi, ndipo ana a m'dera lonse amaudziwa nthambi ndi nthambi. Utsi wofunika ndi wopepuka, wabuluu pang'ono, wosaoneka bwino. Ukakhala woyera ndi wochindikala, nyama yanu ikulawa phulusa, ndipo aneba akulawa nanu.

Kenaka ku butchala. Brisket ya pa vidiyo ija ndi ya ng'ombe yodyetsedwa chimanga m'khola, nthuli imodzi makilogalamu 5 mpaka 7, mafuta ali mkati mwa mnofu. Ng'ombe yathu inayenda wapansi moyo wake wonse, mwinanso inakokako ngolo ku Mitundu. Mafuta ilibe oti n'kupirira nawo maola 12. Komanso mukati mufotokoze kuti mukufuna chifuwa chonse chosadula, musanamalize chiganizo chikwanje chatsika kale katatu, chifukwa wa pa butchala akudziwa kuti nyama ndi ya ndiwo.

"Yonseyi yosadula, madala? Kuli ukwati?"

Wochenjera amayamba ndi phewa la nkhumba, nthiti, mwendo wa mbuzi kapena nkhuku, zimene zimakhululuka.

Koma matope akuya ndi nthawi. Kuti nyama idyedwe masana a Loweruka, moto uyatsidwe Lachisanu pakati pa usiku. Bambo amene chikwatirire sanaterekepo ngakhale madzi a tiyi ali panja ndi tochi ya pa foni, atavala jekete ndi chipewa, akulera moto. Mayi a kunyumba asuzumira pa windo.

"Bambo ake, mwana atadwala malungo muja munkaliza nkonono. Lero mwachezera chifukwa cha ng'ombe yakufa kale?"

Alonda a m'dera nawo agogoda pa geti cha m'ma 2 koloko, chifukwa mgolo, moto kumbali, paipi ikufuka usiku wonse, kwathu kuno zimenezo zili ndi dzina lake, ndipo dzinalo ndi kachasu. Kukamacha pamabwera chodabwitsa china. Kutentha kwa mkati mwa nyama kukafika cha m'madigiri 70 kumaima, osasuntha kwa maola angapo, chifukwa madzi otuluka m'nyamamo akamauma amaiziziritsa. Pamafunika kudekha, kapena kuikulunga m'pepala, mpaka ifike cha m'ma 93 kapena 95, kenaka ipumenso ola lathunthu isanadulidwe. Nsima ndiye inaphikidwa 12 koloko. Ana aidya ndi soya pisi.

Ndipotu Loweruka la ku Area 25 si lanu. Ndi la chinkhoswe, ukwati, msonkhano wa kumpingo. Uthenga wa maliro ukafika 4 koloko m'mawa, musankhe: musiye makilogalamu 6 a nyama pa moto wopanda mlezi, kapena mukhale bambo uja ankaotcha nyama anzake ali pa siwa. Dzina limenelo silifufutika, ngakhale mutasamukira ku Area 49.

Tsono alamu. Kanyenya wa pa mbaula ali ndi ubwino umene sitiuyamikira mokwanira: amapsa mu mphindi 20. Fungo likamadumpha mpanda, m'mbale mwatsala mafupa. Offset imalengeza kwa maola 12. Imapatsa munthu wa ku Chinsapo nthawi yomva mphekesera, kusamba, kusita malaya, kukwera maminibasi awiri, n'kufika nyama isanapse.

"Odi kuno! Timangodutsa alamu, ndiye tinati tiwaone ana."

Palibe amene amangodutsa ku Area 25 kuchokera ku Chinsapo. Aneba akumanja akumbukira lero lomwe kubweza wilibala imene anabwereka chaka chatha, ndipo abwera nayo ndi ana awo aamuna awiri oithandiza kukankha. Mkulu wa mpingo adzera pomwepo kudzakumbutsa za chopereka cha denga. Aneba akumanzere sabwera kudzadya, abwera ndi dandaulo.

"Aneba, mayunifomu a ana anga anali pa chingwe. Panopa akununkhira nkhumba. Lolemba agalu adzawaperekeza mpaka ku Dzenza."

Nawonso muwapatse mpando ndi mbale, chifukwa mlandu wa utsi umatha ndi nthiti. Bambo wa pa vidiyo uja ali ndi bwalo lalikulu ndi aneba amene sawadziwa mayina. Ife mpanda wathu ndi wa njerwa imodzi, ndipo mlendo wopeza chakudya chili pa moto sabwezedwa. Choncho funso lija ogulitsa amafunsa, loti mukufuna yaikulu bwanji, kuno siliyankhidwa powerenga a m'nyumba mwanu. Imani pabwalo, muone kumene mphepo ikulowera, muwerenge madenga.

Sindikumuseka munthu wogula chinthuchi, ayi. Nyama yophikidwa chonchi ndi yokomadi. Mitsempha yolimba ija, imene pa mbaula imakuthyola nsagwada, pa moto wodekha imasungunuka, nyama n'kufewa n'kukoma. Ndipo utsi si mlendo m'kamwa mwathu. Mlamba wowamba timaudziwa, nyama yopachikidwa pamwamba pa moto m'khitchini ya agogo timaidziwa. Agogo analibe choyezera kutentha, ndipo palibe anawajambula. Iwo ankawamba kuti nyama isaonongeke, ikhalitse mpaka mwezi wa mawa. Ife tikuwamba usiku wonse kuti ithe mu mphindi 15.

Ikafika nthawi, mwini smoker, maso ali psuu, malaya akununkha utsi, ayika nthuli pa thabwa, anthu 25 amuzungulira. Kunja kwake ndi kwakuda bii, chimene odziwa amachinyadira. Alamu apukusa mutu: "Mwapsereza." Adula. Pansi pa khungu lakudalo pali mzere wofiirira, wobwera chifukwa mpweya wa mu utsi umagwira mtundu wa mnofu kuti usasinthe, ndipo ku Texas mzere umenewo amaujambula zithunzi. Aneba abweza mbale: "Koma yapsa imeneyi? Mukuoneka magazitu." Mkulu wa mpingo alawa, nyama isungunuka m'kamwa, iye akhumudwa, poti anabwera ndi mano ake onse ndipo sanawagwiritse ntchito.

Apongozi aakazi akhala phee pa mkeka nthawi yonseyi, nsima yatsopano ili patsogolo pawo. Ayang'ana nyama, ayang'ana nsima, asuzumira m'mbale kufuna potowa, ndipo sapezapo. Mkamwini salankhulidwa mwachindunji, ndiye aitana mwana wawo.

"Iwe, uwathokoze amuna akowa, ayesetsa ndithu. Tsopano tenga nyamayi uiduledule, uikemo tomato ndi anyezi, iwireko pang'ono pa mbaula. Nsima yopanda msuzi ine ingandikhale pakhosi."