A Safunsa agula laputopu

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mkulu ameneyu atapatsidwa chisa cha njuchi, anaona ngati kufunsa kuti chodya n'chiti, chotaya n'chiti n'kudzichotsa ulemu. Anatafuna, n'kumeza zonse. Ambirife tinkayesa kuti mtundu wake unatha pamodzi ndi nthano za kumphala. Ayi ndithu, mbumba yake ilipo, yaswana, ndipo masiku ano ili ndi laputopu.

A Safunsa amakono muwapeza Loweruka madzulo ali pabalaza, laputopu yomwe alamu awo anatumiza kuchokera ku Joni ili pamiyendo. Akufuna kuikamo pulogalamu yopangira makadi a chinkhoswe cha mwana wawo. Adina kawiri pa fayilo ya setup. Zii. Adinanso, ulendo uno mwamphamvu, pokhulupirira kuti kompyuta imamva kuwawa. Zii. Kenako angoti dinu dinu dinu, osapumira. Pamapeto pake pa sikirini patulukira kabokosi ka mizere iwiri, ndipo iwo akatseka msangamsanga asanawerenge ngakhale liwu limodzi. Mukawafunsa kuti, "Bambo, kabokosi kaja kamati chiyani?" yankho lawo n'limodzi dziko lonse: "Aaa, kanangolemba zachizungu."

Apa ndi pomwe asiyanira ndi agogo awo. Safunsa wakale sakanadziwa kanthu pokhapokha atafunsa. Amakonowa amauzidwa asanafunse n'komwe, koma amatseka pakamwa wowauzayo. Mwina kabokosi kaja kamatchula error 1618, kutanthauza kuti Windows ili kale pa ntchito yoika pulogalamu ina, ndipo ziwiri nthawi imodzi siingathe. Inayo ndi iti? Nthawi zina ndi Windows Update, koma nthawi zambiri ndi setup yomweyo imene bambowa aidzutsa kambirimbiri ndi chala chawo chija. Mankhwala ake n'kudikira, apo ayi kuzimitsa kompyuta n'kuiyatsanso, zinthu ziwiri zimene a Safunsa amaziona zonyozeka kwa munthu wa msinkhu wawo.

Tsiku lina kabokosi kamati "This app can't run on your PC". A Safunsa akamva zimenezi amayamba kukumbukira kuti a neba anaiyang'ana moipa laputopuyo tsiku lomwe inafika. A neba n'ngosalakwa. Windows ilipo ya 32-bit, ilipo ya 64-bit. Ya 64 imalandira mapulogalamu ambiri a 32, koma ya 32 siingayendetse a 64, ngakhale mutaipempherera usiku wonse. Kuti mudziwe yanu, lowani mu Settings, kenako System, kenako About, palembedwa poyera. Yang'ananinso kumapeto kwa dzina la fayilo: Windows imafuna .exe kapena .msi, ya .dmg ndi ya Mac, ndipo .apk imene mdzukulu anakutumizirani pa WhatsApp ndi ya foni ya Android.

Koma phula lonona kwambiri limabwera pa fulashi. A Safunsa apita kwa mnzawo wa kuntchito: "Achimwene, tandigawirani pulogalamu ija." Achimwenewo, omwenso ndi a mtundu womwewo, agwira kachithunzi ka pa desktop, akakokera mu fulashi, ndipo zatheka m'kuphethira kwa diso. Onse awiri ayamikira kuti fulashi imeneyi ndi yothamanga. Palibe amene wadabwa kuti pulogalamu yonseyo ingalemere bwanji 2 KB. Chimene anyamulacho ndi shortcut, yomwe imadziwika ndi kamuvi kakang'ono pakona pake. Zili ngati kuzula chikwangwani cholozera ku golosale, kuchisenza mpaka kunyumba, n'kumadikira kuti chitulutse shuga. Ochenjererako amakopa foda yonse ya mu Program Files, koma nawonso kawirikawiri amagwa chagada, chifukwa setup ikamagwira ntchito imalemba zinthu mu registry ndi m'malo ena amene fulashi sinafikeko.

Nkhani ya bandulo tonse tikuidziwa. Fayilo ikutsika bwinobwino, bandulo yatha pakati, kapena magetsi athima, ndipo chatsala ndi theka. Chrome imachita chilungamo, imasiya dzina lothera ndi .crdownload posonyeza kuti sinamalize. A Safunsa amafufuta mchira umenewu, n'kulemba .exe, n'kudziona katswiri. Palinso timasetup tina topepuka, ta ma MB ochepa, tomwe timasangalatsa munthu wosunga bandulo. Iti ntchito yake ndi kukatenga pulogalamu yeniyeniyo pa intaneti, ndiye mukatitsegula kumudzi kopanda netiweki timangozungulira mpaka tambala kulira. Chofunika kufunafuna ndi offline installer, yolemera koma yathunthu.

Ndimaimvera chisoni kompyuta yokalamba imene yasokonekera masiku. M'kati mwake muli kabatire kozungulira, m'makompyuta ambiri ndi CR2032, kamene kamasunga tsiku ndi nthawi makinawo akazima. Kakatha mphamvu, kompyuta imadzuka ikukhulupirira kuti tili m'chaka china cham'mbuyo, ndiye ziphaso zachitetezo za pa intaneti imaziona ngati sizinayambe kugwira ntchito, n'kukana kutsitsa zinthu zambiri. Tsikulo lili pakona ya sikirini, kumunsi, mbali ya kumanja. A Safunsa amaliona daily, koma amaganiza kuti ndi zokongoletsera.

Kompyuta ikadandaula kuti VCRUNTIME140.dll kapena MSVCP140.dll palibe, musapite kokatola fayilo imodziyo pa tsamba lililonse limene latulukira. Ikani Visual C++ Redistributable yochokera ku Microsoft komweko, nkhani yatha.

Chodabwitsa n'chakuti pamene kompyuta ikufunsa funso lanzeru, a Safunsa sachedwa kuyankha. Kabokosi kabuluu koti "Windows protected your PC" kamatuluka ngati Windows sikuidziwa bwino fayiloyo. Ngati munaitenga pa tsamba lenileni la eni ake, palibe vuto: dinani More info, kenako Run anyway, kapena lowani mu Properties n'kusankha Unblock. Ikafuna chilolezo cha mwini nyumba, pali Run as administrator. Koma ngati ndi pulogalamu yogulitsa imene mwaipeza "yaulere", yobwera ndi kakalata koti muyambe mwazimitsa antivirus, imani kaye mudzifunse kuti munthu wosakudziwani akukukonderani chiyani. Phula limeneli limabwera njuchi zikadali momwemo. Ine sindimvetsa chifukwa chake timalimbana ndi zakuba pamene LibreOffice, GIMP ndi VLC n'zaulere zenizeni, eni ake akuchita kutipatsa ndi manja awiri. Kapena uchi wopatsidwa sutsekemera ngati wakuba.

Nthawi zinanso yankho limakhala lowawa, ndipo mwina n'chifukwa chake ena safuna kufunsa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu January 2020, ndipo Chrome yomaliza kuyenda pa Windows imeneyi ndi ya nambala 109. Windows 10 nayo nthawi yake inatha pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna makina a 64-bit, RAM yosachepera 4 GB, malo a 64 GB ndi kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, komwe malaputopu ambiri akale alibe. Setup yatsopano ikakana pa makina oterewa, sikuti yachita mwano. Yangonena zimene alamu aja sananene potumiza mphatsoyo.

Tisawanamizire a Safunsa kuti safunsa konse. Zikafika povuta amafunsa, kungoti amadumpha kabokosi kamene kali ndi yankho n'kukaitana mphwawo amene anaphunzirako kompyuta miyezi ingapo kutauni. Mnyamatayo amafika ndi fulashi m'khosi, sayang'ana n'komwe chomwe chalembedwa, amangopukusa mutu.

"Amalume, imeneyi yadwala kwambiri. Ikufunika kuifomata."

Matenda aliwonse kwa iye ndi omwewo. Kompyuta ikuchedwa, kuifomata. Mawu sakumveka, kuifomata. Chaja yaduka, tiyambe taifomata tione. Amalume avomera, poti mawuwo akumveka a ukatswiri, ndipo azakhali athira tiyi. Palibe wakumbukira kufunsa funso limodzi laling'ono, loti zomwe zili m'katimo zipita kuti. Pofika usiku laputopu yayera mbee. Zithunzi za ukwati wa mwana woyamba zapita, kaundula wa ngongole za banki m'khonde amene azakhali amasunga wapita, ndipo mndandanda wa oitanidwa ku chinkhoswe wapita nawo limodzi.

"Tsopano tiyese pulogalamu ija," atero amalume.

Mphwawo alowetsa fulashi ya amalume ija, adina kawiri pa kachithunzi ka 2 KB kaja. Kabokosi katulukira. Akatseka onse awiri, zala zikuchita kugundana.

"Amalume, ndiye kuti ndi hard disk. Mawa mundipatse ya thiransipoti ndikakufunireni ina ku Limbe."