Tambala wa aneba walowa m'chimbale

Amene mumandidziwa ngati wogulitsa mazira, dziwani kuti tsopano ndine woyimba. Mwana wa mlongo wanga anandiikira FL Studio mu laputopu, chipinda chogona nkusanduka situdiyo. Maikolofoni ndinaiveka sokosi kuti mpweya usamaphulikiremo, ndipo mayi a Mphatso mpaka lero akuchapa sokosi imodzi mondiyang'ana. Nyimbo zauzimu 6 zatheka. Chinatsala nkuziika pa CD, poti woyimba wopanda chimbale pamaliro amamupatsa ntchito yotola nkhuni.

Kudina pa export, kompyuta inandifunsa mafunso oposa a ankhoswe: WAV, MP3, FLAC kapena OGG? Ndinakanda chibwano ngati ndikuganiza mozama, kenako ndinaitana mwana uja.

"Amalume, ya CD ndi WAV, 44,100 ndi 16 bit. Zinazo musakhudze."

Akuti manambalawa anagwirizana ndi a Philips ndi a Sony kale mu 1980, ndipo CD iliyonse ya nyimbo imayenda pomwepo. Tanthauzo lake nlakuti mawu amayezedwa ka 44,100 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti sekondi ija ndinaphonya kiyi pa "aleluya", makina anandigwira ka 44,100, kumanzere ndi kumanja komwe.

WAV ndi mboni yosadya chibanzi. Siitaya kanthu, nchifukwa chake mphindi imodzi imadya pafupifupi 10 MB. Tinamvetsera. Muli kiyibodi, muli ine, muli tambala wa aneba amene amalowa pa kolasi molimba mtima kuposa mwini nyimbo. Mu vesi yachiwiri mukumveka bwinobwino mawu achizimayi akuti, "Bambo a Mphatso, ya makala ija mwasiya pati?"

Apa mpamene MP3 inandikopa mtima. Akatswiri a ku Fraunhofer ku Germany anaipanga kuti izitaya mawu amene khutu la munthu silimva, makamaka ang'onoang'ono obisika kuseri kwa phokoso lalikulu. Pa 128 kbps mphindi imatsala pafupifupi 1 MB. Ndinati zikomo Ajeremani, tayani zonse zochititsa manyazi. Inatayadi. Kuwala kwa zinganga kunapita, gitala anayamba kumveka ngati akuyimbira m'madzi. Tambala anatsala wathunthu, nthenga zonse. Mwana uja anati makina amasunga mawu amphamvu, ndipo anakana kunena kuti pakati pa ine ndi tambala anaona wamphamvu ndani.

Ndinamuuza kuti chabwino, MP3 yomweyo aibweze ikhale WAV, zotayika zibwerere. Anaseka mpaka kugwira khoma. Akuti gaga akachoka, ufa woyera subwerera kukhala mgaiwa ngakhale muutsanulire m'thumba lalikulu. Fayilo imangonenepa, mawu ndi omwewo. FLAC ndiye imachepetsa fayilo pafupifupi ndi theka popanda kutaya kalikonse, koma ine zosunga kalikonse zinali zitandikwana.

Laputopu yanga ilibe polowetsa CD, choncho ndinapita ndi fulashi kwa mnyamata wowotcha nyimbo kumsika.

"Madala, audio kapena data?"

Funso linanso! Akuti CD yopanda kanthu ndi 700 MB. Mukaiwotcha ya audio imalowa mphindi 80 basi koma imalira mu wailesi iliyonse ya CD. Ya data mukhoza kupakiramo ma MP3 oposa 100, kungoti mawailesi akale amaikana. Zanga zonse sizikwana mphindi 30, ndiye ndinapempha anditsitsire mtengo wa mbali yotsalayo. Anandiyang'ana, nati akangowotcha palibenso kufufuta, ndipo anafunsa ngati tambalayo alembedwe pa chikuto.

Vuto tsopano ndi pomvera. Dalaivala wa minibasi anatembenuza chimbale uku ndi uku, nandiloza pa kabowo ka fulashi. Mlembi wa kwaya yathu anati, "Abambo, tangoponyani pa WhatsApp," kutanthauza MP3 yomwe ija ya m'madzi. Apongozi ali nayo DVD, koma rimoti inatayika chaka cha Cyclone Freddy.

Komabe sabata yatha ndagulitsa kope yoyamba. Wagula ndi wakabaza wa pa siteji yathu. Sanafunse za WAV, sanafunse za 16 bit. Anangoipendeketsa padzuwa, nati ikuwala bwino, ndipo anafunsa ngati ndili ndi ina yoti amangirire kutsogolo kwa njinga.