Za Gasi wa AC ndi Ulemu wa Mwini Galimoto wa ku Naperi

Mwini galimoto wa ku Naperi, mtundu wa anthu umene mlembi wa danga lino ali mmodzi wa iwo, amakumbukira mu Okutobala mokha kuti Toyota Passo yake ili ndi AC, ndiye kuti makina oziziritsa m'kati, ndipo ngakhale pamenepo amaiyatsa pokhapokha akanyamula apongozi, popeza masiku ena onse amatsitsa mawindo poopa kutha mafuta. Motero kufa kwa AC kumadziwika pamaso pa apongozi, magalimoto atathithikana pa Ginnery Corner.

Chimene chimaziziritsa ndi gasi amene kompuresa, pampu yozunguzidwa ndi lamba wa injini, imamupanikiza ndi kumuyendetsa m'mapaipi kuti azitenga kutentha kwa m'kati n'kukakutaya kunja. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene amalowera pa Songwe amabwera ndi R-134a, amene analowa m'malo mwa R-12 potsatira pangano la Montreal la 1987, chifukwa R-12 ankawononga ozoni, mpweya wa kumwamba wotchinga cheza choopsa cha dzuwa. R-134a ozoni saikhudza, koma kilogalamu yake imodzi imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu 1,430 a carbon dioxide, n'chifukwa chake mu 2016 mayiko anagwirizananso ku Kigali zochepetsa magasi a mtundu wake.

Mwa dongosolo la ntchito, makaniko asanamasule paipi iliyonse amalumikiza mageji awiri, yabuluu ku mbali ya mphamvu yochepa ndi yofiira ku mbali ya mphamvu yambiri, makina n'kukokera gasi yense m'silinda. Akatha kukonza, pampu ina imayamwa mpweya ndi chinyontho, popeza madzi otsalira amaundana n'kutseka njira, ndipo gasi amathiridwa pa sikelo molingana ndi magalamu olembedwa pansi pa boneti.

Mwini Passo njirayi amaidziwa bwino, ndipo madzulo amaifotokoza mwaukatswiri pa Kamba, koma akamva mtengo wake amakumbukira kuti pali njira yachiwiri, ya pansi pa mtengo wa mango, imene chida chake chonse ndi sikuludiraiva. Valavu ikabayidwa gasi amatuluka kuti psiii, ndipo popeza amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, amaumitsa chala chilichonse chimene wakhudza, maso osanena. Choncho mwini wake amaima chapatali, manja kumbuyo ngati woyang'anira mayeso, kuonerera gasi amene anamugula ndi ndalama za fizi akulowera cha ku phiri la Soche. Akatero amagula wina.

Poti pobowoka palibe anapafufuza, gasi watsopanoyo amatsatira mnzake Khirisimasi isanafike, nthawi imene mvula imachititsa nthunzi pa galasi lakutsogolo, nthunzi imene AC yamoyo imaichotsa m'kamphindi, ndipo katswiri uja amatsika msewu wa Mahatma Gandhi akupukuta galasilo ndi mkono wa malaya.