Mbale Yotembenuzira Sitima ku Bilila

Malume anga a ku Bilila, kuno ku Ntcheu, anapuma kalekale ntchito ya njanji, koma mutu wawo ukadali pa ntchito. Sitima ikalira patali amayang'ana pamkono pomwe palibe wotchi n'kunena kuti, "Yachedwa." Mukangowapatsa mpata akuuzani kuti njanji yodutsa kumunsi kwa munda wawoyo, yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka, Sharpevale, Golomoti ndi Chipoka, inafika ku Salima mu 1935, ku Lilongwe mu 1979, ndiponso kuti pakati pa zitsulo ziwirizo pali mamilimita 1,067, osachotsera ngakhale imodzi.

Tsono mdzukulu wawo wa sitandade 7 atatopa ndi magalimoto a mawaya n'kupanga sitima, mutu wa chitini, mawilo a zitsekerero za mabotolo, njanji ya masipoko a njinga okhomera pa thabwa, malume anadzisankha okha kukhala mkulu wa siteshoni. Lamulo lawo loyamba: mutu wa sitima sunyamulidwa ndi manja. Sitima zamalasha zija, anatero, zinali ndi nkhope imodzi, ndipo zikafika kumapeto ankazitembenuza, kwina pa njanji zolumikizana patatu ngati mafuwa, kwina pa chimbale chachikulu chozungulira. Mnyamata anasankha mbale. Anapeza chivundikiro cha poto, habu ya njinga, kamota ka m'wailesi ya kaseti yakufa ndi lamba wodula ku chubu. Kumene kunachokera chivundikirocho palibe anafunsa.

*

Tsiku loyesa tinalipo anthu asanu ndi nkhuku imodzi. Mnyamata anakweza mutu wa sitima pa mbale, malume anakweza dzanja, waya unagunda batire. Mbale ija inangoti fyuu! Mutu wa sitima unauluka, unaphonya nkhuku pang'ono, n'kukagwera m'beseni la mphale yonyika. Kamota ka m'wailesi kamazungulira kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo mnyamata anali atakamangirira lamba wake pa habu penipeni, pomwe mpofunika kuti kawilo kakang'ono ka pa mota kazikoka m'mphepete mwa chinthu chachikulu kuti liwiro lichepe. Malume anatulutsa kope n'kulemba. Nditasuzumira ndinawerenga: "Ngozi yoyamba. Ovulala palibe. Nkhuku yathawa osapereka umboni."

*

Atakonza za liwirozo, mbale inayamba kuzungulira chakumanzere pamene dzulo lake inkapita chakumanja. Bambo wina woyandikana nawo, amene anangobwera kudzabwereka khasu, anapukusa mutu: "Achimwene, ichi achilowa. Chinthu sichingasinthe maganizo usiku umodzi." Mkulu wa mpingo anati tiyambe tapemphera. Mkangano unatha ola lathunthu, kufikira kamtsikana kena kotchajitsa mafoni pamsika kanangosinthanitsa mawaya awiri pa batire, mbale n'kubwerera kumanja. Tonse tinaomba m'manja. Apo m'pamene akazi awo a malume, amene ankasenda mbatatesi ya ku Tsangano pakhonde, anadzutsa mutu: "Inu bambo, ndithandizeni. Kaya yadzera kumanja kaya kumanzere, sitimayo siyang'anabe kumene yachokera?" Woyandikana nawo uja anatenga khasu lija n'kumapita osatsanzika.

*

Mabatire anayi a mavoti 1.5 sanachedwe kutha. Anawayanika padzuwa ngati makaka, anawaluma, anawaika pafupi ndi moto, mbale n'kumangonjenjemera ngati munthu wa malungo. Loweruka, tsiku la Bullets ndi Wanderers, inadzuka mwadzidzidzi ndi mphamvu zonse. Malume ananyadira kuti dzuwa la ku Bwanje ndi mankhwala. Nthawi ya mpira itakwana anayatsa wailesi yawo: zii. Anaigwedeza, anaimenya khofi, kenaka anatsegula kumbuyo. M'malo mwa mabatire munali zitsononkho zinayi zodula bwinobwino, msinkhu wake ndendende. "Iwe! Zitsononkhozi zikutani muno?" Mnyamata anayankha ali kuseri kwa nkhokwe: "Ndimafuna kuti isamveke kupepuka, agogo."

*

Habu itayamba kulira, wina anathiramo mafuta ophikira. Mafuta anayenderera mpaka pa lamba, ndiye kamota kankalira mwakhama mbale ili duu, ngati msonkhano wa komiti ya mjigo. M'mawa mwake nyerere zinali zitakwera sitima yonse popanda tikiti.

*

Koma vuto lenileni linatulukira pambuyo pa zonsezi, ndipo linawadyera sabata ziwiri. Kuzungulira mbale inkazungulira. Kuima pamalo pake ndiko kunakanika. Kanjanji ka pa mbale kayenera kuyang'anana ndendende ndi njanji ya pa thabwa, ndipo kakaphonya ngakhale ndi kachikhadabo, mawilo a zitsekerero aja amagwera pambali. Ukachotsa waya pa batire, mbale siima pomwepo, imapitirirabe pang'ono ndi kulemera kwake. Ukachotsa msanga, imaima isanafike. Ukagundanso kuti isunthe pang'ono, imadumpha n'kupitirira.

Malume anati vuto ndi kusowa mwambo. Anang'amba kansalu kofiira ku duku lakale, anaima mita imodzi kuchokera pa mbale, nati mnyamata asachotse waya asanaone mbendera. Mbale ikafika, malume ankayamba atsimikiza ndi diso limodzi, kenaka n'kukweza mbendera, kenaka n'kufuula "Imani!", mnyamata n'kuchotsa waya mbale itapita kale kotala. Anabwereza kakhumi ndi kawiri. M'kope munalembedwa kuti dalaivala akufunika maphunziro owonjezera. Ine nditanena mwaulemu kuti, "Malume, mwina wochedwa ndi wa mbenderayo," anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: "Iwe mphwanga, unagwirako ku njanji zaka zingati?" Ndinabwerera pa mpando wanga.

Anathetsa nkhaniyi ndi msomali wa mainchesi awiri. Mnyamata anaboola kabowo m'mphepete mwa chivundikiro ndi kena pa thabwa, kotero kuti mbale ikaima chapafupi amangoikankha pang'ono ndi chala n'kulowetsa msomali, njanji ziwiri n'kupsompsonana. Malume anatsutsa kuti chala ndi dzanja, ndipo dzanja n'loletsedwa. Atagona nayo nkhaniyo anagamula kuti lamulo limakamba za kunyamula, za kukankha silinenapo kanthu.

*

Sitima inayenda bwino masiku atatu. Lachinayi lake akazi awo a malume anateleka nyemba, anafunafuna m'khitchini, kenaka anatuluka molunjika ku siteshoni. Anazula msomali, anachotsa lamba, ananyamula mutu wa sitima ndi manja awo awiri malume akuona, n'kutenga chivundikiro chawo. Malume anangolemba pa katoni kuti maulendo aimitsidwa mpaka mtsogolo muno.

Chivundikirocho tsopano chili ndi mabowo awiri, ndipo nyemba zikawira chimaimba likhweru. Tinali pakhonde pamene chinalira koyamba. Malume anayang'ana pamkono.

"Yachedwa," anatero.