Amene Akuvomereza Akweze Dzanja

Chipani chikaitanitsa msonkhano waukulu wosankha atsogoleri, ife a ku Chawama sitidikira kumva pa wailesi. Timadziwira pa siteshoni. Ukalawirira n'kupeza mzere wa anthu wafika mpaka pa kantemba ka malasha, mabasi kulibe, mangwangwazi angokhala pa benchi akusewera nsolo, usafunse munthu. Mabasi onse atengedwa hayala, anyamula nthumwi. Iwe wa ganyu ku Soweto Market, pinda buluku uyambepo wapansi kutsata njanji.

Tsiku lomwelo amayi amasolola sutikesi ya kunsi kwa bedi. Mayi wa ku Chawama wodziwa moyo sataya chitenje cha chipani. Pansi penipeni pagona chabuluu cha wotchi, cha MMD, chimene masiku ano amachitulutsa pofuna kuphimba mtanda wa vitumbuwa. Pakati pali chobiriwira cha bwato, cha PF. Pamwamba, chositidwa bwino, pali chofiira, cha UPND. Mayi wina wogulitsa kapenta pa msika ndinamufunsa ngati zitenje zitatuzo sizikangana m'sutikesimo. Sanadzutse ndi mutu womwe pa chibakuli chake. "Mwana wanga," anatero, "chitenje sichivota. Chitenje ni chovala."

Unthumwi sumabwera chifukwa chodziwa malamulo a chipani. Umabwera kudzera m'kope la ba Tcheyamani a nthambi, kope la masamu la mwana wawo limene masamba akutsogolo anathothola. Dzina loyamba ndi lawo. Lachiwiri ndi la akazi awo, amene ndi tcheyamani wa amayi. Lachitatu ndi la mlamu wawo, bambo wa imvi za m'ndevu, amene akuimira achinyamata. Mayina otsalawo ndi a anthu odziwa kupatsa moni. Ukhale munthu amene chaka chonse wakhala ukuima panjira, kugwira pachifuwa n'kunena kuti, "Mwauka bwanji ba Tcheyamani, nanga amayi ku nyumba?" Amene amangokweza chibwano podutsa, ngakhale akhale ndi khadi la chipani kuyambira tsiku loyamba, adzaonera pa TV ya ku bala.

Ndipo mverani mafunso a nthumwi zikamakwera basi. "Kuli vakudya?" "Tigona kuti?" "Ya transipoti azatipasa popita olo pobwela?" Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Loti kodi akupikisana ndani simudzalimva. Kufunsa zotero n'kupanda mwambo. Nkhope ya wopambana ili kale pa malaya amene wakuvekaniwo, ndiye mukufuna mudziwenso chiyani?

Chawama ali ndi ufulu wolankhulapo pa nkhaniyi, pakuti konivenshoni yotchuka kuposa zonse inakweza munthu wathu. Pulezidenti Michael Sata atamwalira ku London pa 28 Okutobala 2014, phungu wa Chawama, Edgar Lungu, anali mlembi wamkulu wa PF. Guy Scott, amene anagwirizira mpando wa dziko, anamuchotsa pa ulembiwo pa 3 Novembala, maliro asanaikidwe n'komwe. Usiku umenewo matayala anayaka m'misewu ya Lusaka, ndipo kutacha Scott anamubwezera pa udindo. Anyamata a m'makomboni anaphunzirapo kanthu: tayala limodzi loyaka limayankhidwa msanga kuposa makalata khumi.

Pa 30 Novembala chipani chinasonkhana pa Mulungushi Rock of Authority, pafupi ndi Kabwe, thanthwe limene UNIP inkasonkhanira kuyambira masiku omenyera ufulu. Opikisana nawo ena sanafike pabwalopo. Panalibe bokosi, panalibe pepala. Anati amene akufuna Lungu akweze dzanja, manja n'kukwera. Tsiku lotsatira gulu lina la chipani chomwecho linachita chisankho chakechake n'kusankha Miles Sampa, phungu wa Matero. Chipani chimodzi, atsogoleri awiri, wina wa Chawama wina wa Matero, mpaka nkhani inakathera kukhoti ndipo dzina la Lungu ndi limene linapita pa chisankho cha pa 20 Januwale 2015.

Kuvota kokweza dzanja kuli ndi luso lake, ndipo wometa wa pa kona yathu, amene amalumbira kuti analipo tsikulo, amaphunzitsa lusoli kwaulere uku makina ali m'mutu mwako. Usakhale woyamba kukweza, angakuyese wofuna udindo. Usakhale womaliza, angakuyese kazitape. Maso asayang'ane kutsogolo kumene kuli wowerenga, chifukwa wowerengayo sakuwerenga. Maso ayang'ane kumbali, kumene kwaima mnyamata wa magalasi akuda ndi jekete yankhondo yogula pa salaula. Iyeyo ndiye akuwerenga, ndipo akuwerenga manja amene ali pansi. "Ine boi ninanyamula yonse yabili," amatero wometa, "nifuna chani mavuto?" Nkhani imeneyi waifotokoza kambirimbiri, ndipo ulendo uliwonse khamu limakula ndi anthu zikwi ziwiri.

Achikulire amati zimenezi si za lero. Mu Epulo 2001 MMD inasonkhana ku Kabwe komweko kuti itsegulire Frederick Chiluba njira ya chigawo chachitatu cha upulezidenti. Nduna zina zimene zinkakana zinalawa zibakera za makada a chipani chawo chomwe, ndipo wachiwiri kwa pulezidenti, Christon Tembo, anachotsedwa m'chipani pamodzi ndi anzake. Chimene chinagwetsa ganizolo sichinali m'holo. Anali anthu wamba ovala kansalu kobiriwira pachifuwa, a magalimoto akuliza mahutala Lachisanu lililonse madzulo, opanda galimoto akuimba mluzu. Pofika Meyi, Chiluba analengeza kuti saimanso. Mu 2021 zipani zinapeza njira yosatopetsa: Hakainde Hichilema anadutsa wopanda wopikisana naye ku UPND mu Febuluwale, Lungu naye chimodzimodzi ku PF mu Epulo. Nthumwi zinangopita kukatsimikizira kuti nkhuku yapsa.

Kenako Sampa, amene anadikira zaka 9, anabwera kudzatenga chenji chake. Pa 24 Okutobala 2023, anthu ali kalikiliki ndi chikondwerero cha ufulu, anachititsa msonkhano ku Mulungushi International Conference Centre muno mu Lusaka n'kutulukamo ali mtsogoleri wa PF. Akuluakulu ambiri a chipanicho sanali m'holomo ndipo anati msonkhanowo ndi wabodza. Koma apolisi analipo, ambiri ndithu, kulondera kuti pasapezeke wosokoneza.

Apolisi okwanira amenewo ndi amene amandisowetsa tulo, chifukwa munthu wotsutsa akawafuna sapezeka. Lamulo la Public Order Act anatisiyira ndi atsamunda mu 1955. UNIP inalilandira, MMD inalipukuta fumbi, PF inalinola, ndipo UPND, imene inalitukwana zaka zonse ili kotsutsa n'kulonjeza kulisintha, italowa m'boma mu 2021 inapeza kuti m'manja limakhala bwino. Mu 1996, pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake, khoti lalikulu la apilo linagamula kuti munthu safunika chilolezo cha apolisi kuti asonkhane ndi anzake. Lamulo linakonzedwa kuti uzingowadziwitsa, kutatsala masiku 7. Ndiye umalemba kalata yako bwinobwino, umavala tayi, umakapereka. Yankho limabwera mwaulemu kwambiri: pepani, tsiku limenelo tilibe apolisi okwanira okutetezani. Ukachita makani n'kutuluka ndi chikwangwani chako, uona zodabwitsa. Apolisi amene kunalibe aja adzaza magalimoto, ena alendewera kumbuyo, aliyense ndi chisoti ndi chishango. Okuteteza anasowa, koma okuthamangitsa afika mpaka ena asowa pokhala.

Komboni ili ndi mwambo wake wa tsiku la utsi wokhetsa misozi. Woyamba kudziwa ndi mayi wa tomato. Ukamuona akukokolola milu yake n'kuthira m'beseni dzuwa likadali pamutu, tseka kantemba. Wachiwiri ndi wa talk time, amene amapinda tebulo ndi ambulera mwakamodzi. Ana amaitanidwa ndi mayina awo onse a ubatizo. Chitenje chimaviikidwa m'madzi n'kuphimba kumaso, ndipo pa ntchito imeneyi palibe amene amasankha mtundu. Ndinaonapo kada wofiira maso atabisa nkhope m'chitenje cha chipani chimene amachitukwana. Khomo la neba silikanizidwa. Umalowa osaodira, n'kupeza anthu asanu ndi awiri osadziwana atakhala pa bedi la eni ake, onse akulira, aliyense akufotokoza kuti iyeyo amangodutsa, amapita kukagula pamela.

Pali tsiku lina limene ku Chawama sitiliseka. Pa 8 Julayi 2016, kutatsala mwezi kuti kuchitike chisankho, apolisi analetsa msonkhano wa UPND umene unayenera kuchitikira kuno. Otsatira chipanicho anayamba kuguba, mfuti zinalira, ndipo Mapenzi Chibulo, mtsikana wa zaka 22, anawomberedwa n'kufa. Bungwe loyendetsa zisankho linaimitsa kampeni mu Lusaka kwa masiku 10. Mabasi tsiku limenelo sanabweze aliyense ya transipoti.

Chiyambire pamenepo otsutsa akhala akufunafuna poima. Mu Sepitembala 2017 Laura Miti, woimba Pilato ndi anzawo anayi anakaima kunja kwa Nyumba ya Malamulo kufunsa chifukwa chake magalimoto 42 ozimitsa moto anadya madola 42 miliyoni. Anamangidwa, n'kuyenda kukhoti kupitirira chaka, mpaka khoti linawapeza osalakwa mu Disembala 2018. Mu Juni 2020 achinyamata anakonza zoguba, apolisi n'kudzaza misewu ya Lusaka ndi zida zawo zonse. Achinyamatawo anakaima kutchire ndi zikwangwani, n'kuonetsa zonse pa Facebook, apolisi akulondera misewu yopanda munthu. Ndipo mu Sepitembala 2023 gudumu linamaliza kuzungulira: Lungu yemwe uja, amene apolisi ake ankaletsa misonkhano ya ena, anachenjezedwa ndi apolisi kuti kuthamanga kwake kwa Loweruka m'mawa ndi gulu la omutsatira kwasanduka ndale, azidziwitsa kaye. Pa bala ina m'Chifundo Road mdala wina anaika pansi katoni ya Chibuku n'kunena kuti chaona mnzako chapita. Mnzake anamudula: "Mudala, ichi sichinapite. Chinangozungulira kumbuyo kwa nyumba."

Zimene akuluakulu amachita ku Mulungushi, ife timazibweretsa kunyumba. Pa pulote imene ndimachita lendi pali zitseko 11, chimbudzi chimodzi, mpope umodzi ndi mita imodzi ya magetsi. Ndalama za mayunitsi amatolera ndi bambo wina wa chitseko choyamba, amene anadzipatsa yekha dzina la ba Tcheyamani kalekale, mita isanabwere n'komwe. Mwezi uliwonse timasonkha, ndipo mwezi uliwonse magetsi amatha tsiku la 20. Amake mapasa a chitseko chachisanu, amene amapanga ma ice block ogulitsa, anatopa. Anayamba kulankhula pa mpope mokweza, moti aliyense amve, kuti ndalama za anthu sizisungidwa m'thumba limodzi ndi za mowa.

Ba Tcheyamani sanakwiye. Anaitanitsa konivenshoni. Anaiika Lachiwiri nthawi ya 5 koloko m'mawa, ola limene amake mapasa ndi anzawo onse olankhulalankhula amakhala ali ku Soweto kokaoda katundu. Anafika ndi akazi awo, mlamu wawo, agogo a chitseko chachitatu amene samva bwino, ndi anyamata awiri a pa pulote yoyandikana amene analonjezedwa tiyi wa mkaka. Ba landilodi anakhala pa mpando pakhomo pawo, kope la ngongole za lendi lili pamwendo, cholembera kukamwa.

"Bamene bafuna ba Tcheyamani bapitilize, manja m'mwamba."

Agogo anakweza poganiza kuti akugawa feteleza. Ine ndinayang'ana kope lija, lomwe dzina langa lili pa tsamba loyamba, dzanja n'kudzikwera lokha.

Amake mapasa atabwera masana n'kumva, anatenga chikatoni cha sopo, n'kulembapo ndi khala kuti TIFUNA MALISITI, n'kukaima pa mpope. Ba landilodi anatuluka pang'onopang'ono, manja kumbuyo.

"Amake mapasa, ici n'cani?"

"Nifunsa cabe ndalama zathu, ba landilodi."

"Kufunsa sitikana. Pano pali ufulu. Koma munanilembela? Muyenela kuniuza pakali wiki imodzi, kuti nikonze citetezo. Lelo nilibe anthu."

Akunena choncho, mlamu wa ba Tcheyamani anali akumasula galu kuseri.

Madzulo omwewo, kuseri kwa chimbudzi, kunachitika konivenshoni yachiwiri. Anaitanitsa ndi wometa, amene sakhala n'komwe pa pulote yathu koma waya wa makina ake umachokera pa mita yathu. Amake mapasa anayembekezera kuti asankhidwa iwo, poti ndiwo analumidwa chitenje ndi galu. Koma wometa anafotokoza kuti nthawi ino ndi yovuta, ikufuna munthu wodziwa za ku Kabwe, ndipo anadutsa wopanda wopikisana naye. Amake mapasa anawapatsa utcheyamani wa amayi.

Tsopano pa pulote pathu pali matcheyamani awiri. Aliyense ali ndi kope lake, aliyense amagogoda pa 1 kufuna K50 ya mayunitsi, ndipo aliyense amati mnzakeyo ndi wakuba. Ba landilodi akuti nkhaniyi ili m'khoti, ndiye sangayankhulepo. Ife timalipira onse awiri. Mwezi uno magetsi anatha pa 14.