Alamu, Yezani Kaye Musanandiimbire

Rosettenville,
Johannesburg.

Okondedwa alamu,

Kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha mu Juni chikundilowa m'mafupa, ndipo uthenga wanu wa pa WhatsApp wangowonjezera kuzizira. Mukuti Sienta yathu ikunjenjemera, pa mtunda wa Chiweta apaulendo anatsika n'kumakankha, ndiye nditumize ndalama ya ma injector anayi, pampu ya petulo ndi mbuzi ya asing'anga. Alamu, mbuziyo tiimanga pa silinda iti?

Kugalaja kumene ndimagwira ganyu, wogula sipeya asanayeze amalipira ndi malipiro ake. Choncho tcherani khutu.

Injector ili ndi mawaya awiri basi. Mmodzi amabweretsa moto wa 12 volts kudzera ku fyuzi mukatembenuza kiyi. Winayo amapita ku kompyuta bokisi, imene imamugunditsa ku earth kamphindi kochepa kwambiri kuti injector itseguke ndi kupopera petulo. Moto ukasowa mbali imodzi, silinda imeneyo imagona ndi njala, zinzake zitatu n'kumakoka zokha.

Lizani injini, mutenge sikuludiraiva yaitali, nsonga pa injector, chogwirira kukhutu. Yamoyo imalira kuti tiki tiki tiki. Imene yangoti zii ndiye wodwala wathu. Anyamata a pa siteji akayamba kukutchulani adokotala, alekeni, koma jekete lanu lalikulu lija muvule chifukwa lamba wa injini sadziwa kuti ndinu mkulu wa mpingo.

Kenako zimitsani injini, muzule soketi ya injector ija n'kusuzumiramo. Mukaona zobiriwira kapena matope a msewu wa ku Hewe, tsukani, mwina nkhani yathera pomwepo. Apo ayi, ikani mita yoyezera magetsi pa ohms, mugunditse timano tiwiri ta injector. Zambiri za galimoto zoterezi zimawerenga pakati pa 11 ndi 16, ndipo zonse zinayi ziyenera kufanana. Ikalemba OL, koilo yam'kati yaduka. Pamenepo mugule imodzi. Imodzi, alamu, osati banja lonse.

Injector ikapezeka yabwino, tembenuzani kiyi osaliza injini, mita pa volts, muone ngati 12 ikufika pa soketi. Ikasowa, londolani waya ndi zala mpaka mupeze pamene waduka. Ine ndikukayikira makoswe. Galimoto mumaigoneka pafupi ndi nkhokwe, m'buti muli mtedza wotayika, ndiye mumati alendowo akakhuta akatsukire mkamwa chiyani? Mfiti yanu ili ndi mchira.

Waya wa ku kompyuta muyese ndi kanyali ka LED: pamene mukuliza injini kaziphethira. Babu wamba musayerekeze. Mukawotcha kompyuta bokisi, fodya yense wa chaka chino athera pamenepo, ine foni yanga idzakhala yozima.

Zonsezi zikakhala bwino, pitani ku Mzuzu akaike makina. Akakuwerengerani P0202, ndiye kuti vuto lili pa njira ya moto ya injector yachiwiri, ndipo njirayo ikuphatikiza waya ndi soketi. Akati P0302, makinawo angonena kuti silinda yachiwiri ikuphonya, sanatchule wolakwa. Akhoza kukhala pulagi kapena koilo ya pulagi. Sinthanitsani koilo yachiwiri ndi yachitatu. Matenda akasamukira kwa mnzake, mwagwira wakuba popanda kulipira wina aliyense.

Pochita zonsezi ndudu ikhale m'thumba. Petulo sacheza.

Mita ndapatsira transipota amene akunyamuka Loweruka. Ndaikulunga m'bulangete la amayi, choncho mulifunyulule mosamala, ndipo bulangetelo lifike kwa eni ake. Mukayeza, munditumizire zithunzi za manambala onse anayi, chala chanu chikuloza injector yake. Ndikaziona m'pamene ndipite ku Mukuru.

Moni kwa mlongo wanga ndi ana. Mumuuze kuti foni yomwe akufuna idikire mpaka galimoto iyambe kubweza ngongole yake.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni.

Ndinaiwala: m'mitamo muli batire. Ana asalichotse kuti aike mu tochi.