Madisiki Anayi Okana Kumvana

Ndimajambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe. Ntchito yanga ya zaka 8 ili m'kabokosi kakuda ka pansi pa tebulo, momwe mwana wa mchemwali wanga anaikamo madisiki anayi n'kuwamanga pamodzi ndi pulogalamu ya mdadm, ya pa Linux. Anati dzina lake ndi RAID 5, ndipo disiki imodzi itafa, zithunzi sizingatayike. Usiku wina magetsi anathima. Kutacha kompyuta inayaka bwinobwino, koma zithunzi osaoneka.

Mnyamatayo atafika ndinamufunsa, "Kodi afa?"

Anawayesa ndi smartctl, imodziimodzi. "Onse akuzungulira, amalume. Angokana kulumikizana."

Nanga chitsulo chimakana bwanji? Chili ndi mtima?

Anandiuza kuti disiki iliyonse ili ndi kakalata kake kotchedwa superblock, kamene m'kalembedwe ka 1.2 kamakhala pa mtunda wa 4 KiB kuchokera koyambira. M'kakalatamo muli nambala ya banja lonse, UUID, malo a disikiyo pa mzere wa anzake, ndi chiwerengero chotchedwa Events, chimene chimakwera nthawi iliyonse pakachitika kusintha m'banjamo. Analemba mdadm --examine, ine ndili kusuzumira paphewa pake. Madisiki awiri anali ndi chiwerengero chofanana. Yachitatu inatsalira pang'ono chabe. Yachinayi inali kutali zedi, tsiku lake lomaliza kulembedwa likusonyeza miyezi yapitayo.

"Ndiye kuti yachinayiyi inachoka kalekale? Bwanji sinanditsanzike?"

Anaweramitsa mutu. Anati mdadm imatha kutumiza imelo disiki ikatayika, koma iye sanalembe adiresi pamalo a MAILADDR. Miyezi yonseyo ndinkasunga zithunzi za anthu pa madisiki atatu, ine osadziwa.

Apa ndiye mutu unaima. Tsopano ogwirizana ziwerengero anatsala awiri okha. Ngati atatu ankakwanitsa, bwanji awiri akulephera?

"Amalume, tayerekezani amayi atatu a chipereganyu, ndipo wachinayi ndi mlembi wosunga chiwonkhetso. Mmodzi akajomba, mumachotsera pa chiwonkhetsocho n'kudziwa zimene anapereka. Akajomba awiri, mugawa bwanji?"

Anawonjezera kuti mu RAID 5 ulembiwo ndi wosinthana: chiwonkhetso, chimene amati parity, chimamwazika pa madisiki onse. Koma malire ake ndi omwewo, disiki imodzi basi.

"Nanga yachinayiyo inachokeranji, poti wati ili moyo?"

Anati mwina inakumana ndi kachigawo kovuta kuwerenga. Madisiki ambiri otchipa a makompyuta a kunyumba amatha kulimbana ndi kachigawo koteroko kupitirira mphindi yathunthu, pomwe Linux, ukapanda kusintha, imadikira masekondi 30 okha. Ikaona zii, imayesa kuti mnzathuyu wafa, n'kumuchotsa. Madisiki opangidwira RAID amagonja pakatha masekondi 7 n'kunena kuti alephera, anzawo n'kuwathandiza. Ndinaimvera chisoni disikiyo: anaichotsa chifukwa cha khama lake.

"Bwanji osangowalamula kuti agwirizane?"

Lamulo lilipo, anatero, la --assemble --force, limene limauza mdadm kuti inyalanyaze kusiyana kwa ziwerengero. Koma anakana kuligwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Tinabwereka madisiki ena, iye n'kukopera yathu iliyonse ndi ddrescue, usiku wonse. Ine mtima uli m'mwamba, makasitomala akuimba foni, ndinafunsanso: nanga lamulo lija la --create limene unagwiritsa ntchito poyamba, silingamangenso?

Anadzidzimuka ngati ndagwira njoka. "Limenelo limalemba makalata atsopano pamwamba pa akale. Tikalakwitsa ndondomeko ya madisiki, kapena pamene zithunzi zimayambira, n'kulembapo kanthu, ndiye kwatha. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amalume."

M'mawa mwake anatenga makope a madisiki atatu oyandikana ziwerengero aja, yotsalira kutali ija n'kuisiya pambali, popeza zimene imakumbukira n'zakale. Anakakamiza atatuwo. Mu /proc/mdstat munaoneka zilembo U zitatu ndi kamzere kamodzi, malo a mnzawo wosowa. Anatsegula mongowerenga, osalemba kalikonse. Nkhope ya mkwatibwi wina inatulukira pa sikirini, ndipo ndinapumira m'mwamba. Zithunzi zochepa zimene zinkalembedwa pamene magetsi ankathima ndizo zinawonongeka.

Pamenepo ndinayamba kuiona mwina nkhaniyi. Dzulo lake ndinkaikwiyira pulogalamuyo chifukwa chokana. Koma ikanavomera kusakaniza disiki yokumbukira za miyezi yapitayo ndi zokumbukira za dzulo, ikanandipatsa zithunzi zophwanyika, ine n'kumayesa zili bwino. Kukana kwake kunali kunditeteza. Mboni zikasemphana, mfumu yanzeru simathamangira kugamula.

Ndinafunsa amene anayambitsa nzeru imeneyi. Anatchula David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku yunivesite ya California ku Berkeley, amene anafalitsa dzina la RAID m'chikalata chawo cha mu 1988, ndi Neil Brown amene analemba mdadm. Anati cholinga chake n'chakuti ntchito isaime disiki ikafa. Koma ukafufuta chithunzi molakwitsa, chimafufutika ponsepo nthawi yomweyo. Mbala ikalowa, imanyamula bokosi lonse.

Ndinakhala chete, kenaka ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa zaka 8 zapitazo.

"Tandiuza mwanawe. Madisiki ndi anayi. Nanga makope a zithunzi zanga ndi angati?"

"Limodzi, amalume."

Masana a tsiku lomwelo ndinakagula disiki ina. Imagona kunyumba kwa mchemwali wanga, ndipo Loweruka lililonse ndimapita kukaitenga, kukoperamo za sabata imeneyo, n'kukaibweza.